Mainchesi Atatu Amene a Sikweya Anabisa ndi Chala

A Sikweya akhala akupala matabwa m'kashedi ka kuseri kwa msika kwa zaka pafupifupi makumi atatu, ndipo pa zaka zonsezo sanalakwepo. Mukawafunsa akuuzani okha. Tebulo lawo likamagwedera, ndiye kuti pansi pa nyumba yanu m'posalingana. Kabati ikakana kutsekeka, vuto ndi chinyezi cha kwanu. Tsiku lina anadzimenya chala ndi hamala mpaka chikhadabo kuthothoka. Anaiyang'ana hamalayo nthawi yaitali, kenako anauza anthu kuti mahamala a masiku ano akupangidwa ndi anthu osaopa Mulungu.

Dzinali linachokera ku kachitsulo koyezera ngodya kamene sikachoka m'thumba la kumbuyo la ovololo yawo. Amapita nako kutchalitchi, kumaliro, ngakhale kuchipatala. Akuti dokotala wina atawauza kuti magazi awo akuthamanga, iwo anasolola sikweya, n'kuiika pangodya ya tebulo la dokotalayo, n'kunena kuti, "Yambani mwakonza ichi, kenako tikambe za magazi anga."

Pa drafuti, amene amasewera masana pansi pa mtengo wa pafupi ndi shedi, sanagonjepo. Akatsala ndi chitsekerero cha botolo chimodzi, mnzawo ali ndi mafumu atatu, chimfine chimawapeza. Kuyetsemula kwake bolodi limagadabuka, zitsekerero n'kukatoledwa tsidya lina la msewu, ndipo masewerawo amathera pomwepo opanda wopambana. Akazi awo anasiya kalekale kutsutsana nawo. Amati bola kukangana ndi wailesi, chifukwa wailesi ili ndi pozimitsira.

Koma pansi pa bokosi lawo la zida, m'chitini cha misomali yopindika, munali tepi yoyezera yachikasu yokulungidwa m'sokosi. Tepiyo sinali yawo, ndipo a Sikweya sankatha kuyang'ana chitinicho osamva ngati ameza mwala.

Nkhani yake inali ya zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi zapitazo. Mayi wina wa kumapeto kwa msewu wawo anamangitsa mdadada wa zipinda za lendi zisanu ndi zitatu. Womanga anali achimwene a akazi a Sikweya, munthu wamtali, wofatsa, wotulutsa mawu ngati amachita kuwayeza pasikelo. Khoma lomanga iwo linkaongoka moti ukaima pafupi nalo unkadziona kuti wokhota ndiwe. Alamuwa ndi amene anapempha mayiwo kuti ntchito ya zitseko aipereke kwa a Sikweya, amene anali atangotsegula kumene shedi, akazi awo ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri.

Nthawi imeneyo a Sikweya anali ndi tepi imene inaduka kumutu. M'malo mogula ina, anakhomerera kangowe kake pomwe inadukirapo, choncho tepiyo inkayambira pa mainchesi atatu. Zimenezi sizinkavuta. Ukayeza ndi tepi yomweyo n'kudulanso ndi tepi yomweyo, bodza lake linkadzidya lokha.

Tsiku lokayeza mafelemu achitsulo amene alamu anamangirira m'makoma, tepi ija anaiiwala pabenchi. M'lifupi anayeza ndi kathabwa, kulemba ndi pensulo pamene felemu yathera, monga ankachitira nthawi zonse. M'litali kathabwako sikakanafika.

"Alamu, tandibwerekani tepi yanu."

Alamu anatulutsa yawo, yachikasu, yatsopano. Poti anali aatali, anagwira kumwamba n'kuwerenga okha: "80." A Sikweya analemba 80 pachikhatho, tepi n'kuiponya m'thumba mwachizolowezi, n'kumapita akuimba mluzu. Atafika kushedi anatola tepi yawo yoduka mutu ija pabenchi, n'kudula matabwa a zitseko zonse zisanu ndi zitatu pa 80.

Tsiku lokhoma zitseko, choyamba chitangokhala pamahinjesi, pansi panatsala mpata. Mpata wake nkhuku inalowa osawerama, inayang'ana chipindacho, inatuluka, n'kukaitana anzake. Amene analipo amalumbira kuti mbuzi nayo inasuzumira. Eni nyumba anaima manja ali m'chiuno, ndipo anthu anayamba kusonkhana monga amachitira pakakhala chinthu cha mwini chimene chalakwika.

A Sikweya anazindikira nthawi yomweyo chimene anachita. Tepi ya alamu inali m'thumba la kumanzere, ikuwaotcha ntchafu. Yawo inali kumanja. Dzanja linaima pang'ono m'malere, kenako linapita kumanja.

Anaphimba kumutu kwa tepi ndi chala chachikulu n'kuyeza chitseko. "Mayi, werengani nokha."

"80," anatero mayiwo.

Anayeza felemu, chala chili pomwepo. "Nanga apa?"

"83."

"Ine ndinauzidwa 80, ndapanga 80. Kumene kwachokera mainchesi atatu enawa akudziwa ndi amene anaika mafelemu."

Alamu anasisita matumba awo kufuna tepi, koma sanaipeze. Anawayang'ana a Sikweya kwa nthawi yoti munthu akanatha kuwiritsa madzi n'kumwa tiyi. Kenako anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Mwina ndi ine."

Pakamwa pa eni nyumba aja panali ngati chimkuzamawu cha pamsonkhano. Dzuwa lisanalowe, msika wonse unali utamva kuti mmisiri uja sadziwa kuyeza. Sabata isanathe anali ndi dzina: a Khotakhota. Kuti vuto linali kutalika, osati kukhota, palibe anasamala, poti dzinalo linkakoma pakamwa. A Sikweya anakhomerera timatabwa kunsi kwa zitseko zija kutseka mipata, ndipo anthu anawayamikira kuti apulumutsa mlamu wawo ku manyazi.

Kuyambira pamenepo nyumba zikuluzikulu zinasiya kuwafuna alamu. Ankaitanidwa kukamanga zimbudzi, makola a nkhuku, mipanda, ndi kukamata ming'alu ya makoma a amisiri anzawo amene kale ankawanyamulira njerwa. Sanadandaulepo. Lamlungu lililonse ankabwera kudzadya kwa mlongo wawo, n'kukhala pampando womwewo, chipewa chili pabondo. A Sikweya ankawasankhira nthuli yaikulu kwambiri m'mbale, yoti mphaka ankaiyang'ana n'kulira.

Ndiye panayamba za mipando. Nthawi iliyonse mwala uja ukalemera m'mimba, a Sikweya ankakhoma kampando n'kukapereka kwa alamu. Wina akatchula a Khotakhota iwo akumva, kampando. Akaona alamu ali m'dzenje la chimbudzi cha munthu, matope mpaka m'mawondo, kampando. M'nyumba ya zipinda ziwiri munadzaza timipando khumi ndi kamodzi, mabenchi awiri, ndi kabati imene inachita kulowera pawindo. Alendo ankasowa poima chifukwa cha pokhala. Akazi a Sikweya ankauza anzawo kumpopi kuti sanaonepo mwamuna wokonda mlamu wake ngati wawo.

Tepi ija anayesapo kuitaya. Anaiponya m'dzenje la zinyalala m'mawa, masana anapezeka akufukula dzenjelo ndi manja, n'kuuza oyandikana nawo kuti akufufuza mtundu wa dothi.

Zaka zinapita choncho. Mwana amene anali m'mimba uja anabadwa wamkazi, anakula, n'kukhala mphunzitsi wa Chingerezi kusekondale. Alamu akazi awo anamwalira, maso awo anachita ng'ala, ndipo mwana wawo wamwamuna, dalaivala wa lole amene amakhala ku mzinda wakutali, anatumiza uthenga kuti Loweruka abwera kudzawatenga kuti azikakhala naye.

Lachitatu alamu anafika kushedi akupapasa njira ndi ndodo, thumba la zida lili paphewa.

"Alamu, mundikhomere kabokosi. Sindizigwiritsanso ntchito izi, koma sindikufuna zikagone m'thumba ngati mbatata."

Anazitulutsa chimodzichimodzi n'kuziyala pabenchi: mpeni womangira wotha mbali imodzi, levulo, chingwe chokulungidwa pakamtengo, hamala. A Sikweya anaziyang'ana, ndipo pakamwa pawo panalankhula pasanapemphe chilolezo.

"Nanga tepi?"

"Tepi ndilibe. Inasowa kale."

"Simunagule ina?"

"Munthu wa makola a nkhuku tepi ya chiyani? Nkhuku siziwerenga manambala."

Ananena akuseka, koma a Sikweya anamva ngati chitini chija chatsokomola pansi pa bokosi. Alamu atachoka, anadzipeza atatola kale miyendo inayi ya kampando. Anaibwezera pansi. Loweruka linali litatsala masiku atatu, ndipo kumene alamu ankapitako kampando sikakanafika.

Lachinayi madzulo, dzuwa likadali pamalata, mwana wa a Sikweya, mphunzitsi uja, anayala mabuku patebulo la pabalaza kukonzekera phunziro la mawa. A Sikweya anali pampando wawo ndi kapu ya tiyi, akazi awo akusita zovala pakona.

"Bambo, tandithandizani. Mawa ndikuphunzitsa liwu lakuti concede, ndiye ndikufuna chitsanzo chatsopano choti ana amve msanga."

"Konsi chiyani?"

"Konsidi. Ndi kuvomera, koma osati kuvomera kwa eya, tiyi ndimwa. Ndi kwa munthu amene wakana, wakangana mpaka thukuta, kenako mano ali gwa n'kunena kuti chabwino, mnzanga, iwe ndiye unalondola. Amalinenanso kwa amene waluza chisankho n'kuvomera pamaso pa anthu kuti waluzadi. Ngakhale goloboyi mpira ukamudutsa, amagwiritsa ntchito liwu lomweli."

"Liwu limodzi kuvomera, kugonja ndi kumwetsedwa chigoli? Eni akewo mawu anawathera?"

"Wafunsa munthu wolakwika, mwanawe," anatero mayi ake osakweza mutu. "Bambo akowa liwu limenelo ungawamasulire m'zinenero khumi, sangalimve. Ungolemba kuti: liwu ili kwathu silinafikeko."

"Ine ndingavomere bwanji chinthu chimene sichinachitike? Ndikadzalakwa mudzaona kuvomera kwake. Mudzachita kuitana atolankhani."

Mwanayo anaseka n'kutsegula kope. "Basi ndingobwereza chitsanzo cha amalume."

"Amalume ako atani?"

"Cha mafelemu chija. Chaka chilichonse ndimawauza ana kuti panali mmisiri wina womanga amene analakwitsa muyeso, ndipo anavomera pamaso pa anthu. Dzina sinditchula, koma ena amadziwa okha. Kungoti chitsanzo chake sichikwanira bwino, chifukwa amalume sanakangane n'komwe. Anangoti mwina ndi ine. Liwuli limafuna munthu wouma mutu amene wafika pothera."

Tiyi analowera njira ina. A Sikweya anatsokomola mpaka sikweya kugwa m'thumba.

"Chaka chilichonse?"

"Makalasi atatu. Ichi ndi chaka chachinayi."

A Sikweya anawerengera m'mutu. Makalasi atatu, ana odzaza mpaka pawindo, zaka zinayi. Anawo akauza makolo, makolo auza a pampopi, a pampopi auza dziko. Bodza limene iwo analiphimba ndi chala chimodzi tsopano linali ndi choko, bolodi ndi mayeso. Ndipo wolinyamula anali mwana yemwe uja amene anali m'mimba tsiku limenelo.

"Mwatani, Bambo?"

"Tiyiyu wapangidwa molakwika," anatero, n'kutuluka panja.

Lachisanu lonse sanapite ku drafuti. Anakhoma bokosi la alamu ndi thabwa labwino limene ankalisungira bokosi lawo lomwe la tsiku lomaliza. Chida chilichonse anachipangira malo ake. Pakona anasiya kachipinda kakang'ono, kamene anakayeza katatu, chitseko cha shedi atatseka.

Loweruka m'mawa anapeza lole itaima kale pakhomo pa alamu. Mwana wa alamu anali pamwamba kumanga katundu, akudandaula kuti sanadziwe kuti bambo ake amagulitsa mipando. Akazi a Sikweya ndi mwana wawo anali m'nyumba kulongedza mbale. A Sikweya anawakokera alamu kuseri kwa nyumba, pafupi ndi chingwe choyanika zovala, n'kuika bokosi pansi.

"Alamu, nkhani ya zitseko zija."

"Ziti?"

"Za mayi aja. Za lendi."

"Zagwa?"

"Sizingagwe, ndinakhoma ndine. Ndimangoti, matepi a nthawi imeneyo sanali okhulupirika."

"Ehe."

"Komanso dzuwa la tsiku limenelo linali lothobwa m'maso."

"Kunali mitambo."

"Mitambo nayo imasokoneza."

Alamu anatsamira ndodo n'kudikira. Kutsogolo kwa nyumba dalaivala anayesa hutala kawiri. A Sikweya anamva thukuta likutsika msana ngati nyerere zapeza njira. Anapisa dzanja m'thumba la kumanzere, anavula tepi m'sokosi muja, n'kuiika m'manja mwa alamu.

Alamu anaipapasa mbali zonse. Anaikoka pang'ono n'kuisiya, ndipo inabwerera yokha kuti thwa.

"Sipuling'i yake ikadali yamoyo. Mwaisamala."

"Ndimaithira oilo chaka chilichonse." Anatsitsa mawu. "Ndinayeza ndi yanuyi, n'kukadula ndi yanga yoduka ija. Mafelemu anu anali bwino. Amene analakwa ndine."

Akuti mbalame zonse za m'deralo zinasiya kulira, ndipo galu amene ankadutsa anakhala pansi kuti amve bwino. Koma alamu sanagwedezeke.

"Ndimadziwa."

"Mumadziwa?"

"Inkaoneka m'thumba lanu ngati chotupa. Ndipo chala chanu chachikulu chija sichinali chachikulu mokwanira. Nambala 3 ndinaiona ikusuzumira."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Mlongo wanga anali ndi mimba yofika apa. Mukanathamangitsidwa tsiku limenelo, ndani akanakupatsaninso thabwa? Mwanayo akanabadwira pautuchi. Ine ndinati, ndili ndi mbiri yabwino, ipirira mwezi umodzi. Mlamu wanga akakhazikika adzanena yekha. Unatha mwezi, inatha iwiri. Kenako munabwera ndi kampando."

A Sikweya anayang'ana nsapato zawo.

"Ka nambala wani ndinati ndi chiyambi cha kupepesa. Ka nambala faifi ndinadziwa kuti kupepesa kwake n'komweku."

"Ndiye mwandikhululukira, alamu?"

"Mwandiuza chinthu chimene ndikuchidziwa kale, kuseri kwa nyumba, motsitsa mawu ngati mukugulitsa katundu wakuba. Dzina lija sanandipatsire kuseri kwa nyumba."

Hutala inaliranso. A Sikweya anaima ngati mzati. Chimfine chawo chokhulupirika chija anachiitana mumtima, koma sichinabwere. Anatola bokosi, n'kugwira alamu pamkono.

"Uzani mwanayo adikire."

Anayenda msewu wonse, a Sikweya kutsogolo, alamu pambali, akazi awo ndi mwana wawo akutsatira m'mbuyo osadziwa kuti kukuchitika chiyani. Pamdadada paja zitseko zisanu ndi zitatu zinali zikadalipo, penti yosuluka, timatabwa tija tili kunsi ngati zigamba za thalauzi. Alendi anali pampopi kuchapa. Eni nyumba anali pakhonde, atakalamba moti anatsala maso ndi pakamwa pokha, ndipo makutu anali atapuma ntchito kalekale.

"Mayi, ndabwera pa nkhani ya zitseko."

"Mwati chiyani?"

"Zitseko izi. Panali kalakwika pang'ono."

"Kwezani mawu, bambo inu! Mukulankhula ngati muli m'botolo."

A Sikweya anatenga tepi yachikasu kwa alamu n'kuitana mwana wawo. "Iwe, Madamu, bwera uwerenge. Mokweza, ngati uli m'kalasi." Anaika kangowe pansi pa felemu, manja onse ali poyera.

"80," anatero mwanayo.

Anazula kathabwa ka kunsi kwa chitseko ndi hamala ya alamu, n'kuyeza chitsekocho.

"77." Mawu a mwanayo anatsika. Anayang'ana bambo ake, anayang'ana amalume ake.

"Akuti bwanji?" anafunsa agogo aja.

"Ndikuti zitsekozi ndinafupikitsa ndine!"

"Ndani?"

"Ine!"

"Mwatani?"

Pamenepo a Sikweya, munthu amene sananong'onezepo kulakwa ngakhale kwa pilo, anadzaza chifuwa n'kukuwa. "Ndinalakwa ndine! Ndinadula ndi tepi yoduka! Ndinabisa ndi chala! Tepi ya alamu inali m'thumba mwanga! Mafelemu anali bwino!"

Malata a mdadada wonse ananjenjemera. Kumsika ogulitsa tomato anagwira mabeseni awo. Alendi anasiya zovala m'madzi, thovu lili m'manja. Anzawo a drafuti anafika akuthamanga, wina nsapato imodzi, n'kupempha kuti abwereze poti iwo anaphonya poyambira.

"Akuluakulu, tadikira zaka makumi awiri kuti timve mawu amenewa. Kamodzi kokha, a Sikweya, mwapang'onopang'ono."

Ndipo a Sikweya anabwereza. Kachiwirika sanakuwe. Ananena akuyang'ana alamu, amene anaima chilili, chipewa chili m'manja, maso oyera aja akuyang'ana pamwamba pa khoma limene anamanga okha, lomwe mpaka lero linalibe mng'alu ngakhale umodzi.

Agogo aja anamva tsopano. Anakhala chete, chinthu chimene alendi awo anali asanachionepo. Kenako anatambasula dzanja kwa alamu.

"Ndinakulalatirani pachabe, bambo. Pepani, a Khotakhota."

"Zikomo, mayi," anatero alamu, monga anakhala akuyankhira dzinalo zaka zonsezi.

A Sikweya anamva mawuwo ngati msomali wolowa pafundo. Anatembenuka kufuna nkhope ya akazi awo. Ankayembekezera mkuntho, ndipo akanaulandira mosangalala. Koma mayiwo anangowayang'ana, manja atapinda pachifuwa.

"Mipando ija ndinkayesa chikondi," anatero, n'kupita kukagwira achimwene awo pamkono.

Pobwerera, a Sikweya anatsalira m'mbuyo ndi mwana wawo.

"Lolemba ukawauze ana aja. Makalasi onse atatu. Unene kuti ndi kalipentala, osati womanga. Dzina utchule."

"Ndikawauza."

"Ndi akale omwe."

"Akalewo ndikawapeza kuti, Bambo? Ena anasamuka, ena ali pabanja."

A Sikweya anapitiriza kuyenda. Panalibe hamala, chinyezi kapena mtambo woti aunamizire.

Palole, alamu anauza mwana wawo kuti atsitse timipando tonse, atenge kamodzi kokha. "Tinato uwapatse alendi aja, akhala nthawi yaitali ndi mphepo ya kunsi kwa chitseko." Anakwera kutsogolo, bokosi lili pamiyendo. Analitsegula, anapapasa malo a chida chilichonse, mpaka chala chinapeza kachipinda ka pakona. Analowetsamo tepi ija, ndipo inakhala ndendende, osagwedera.

"Apa ndiye munayeza bwino, alamu."

"Ndinayeza katatu."

"Mukanayamba kale."

Ananena mosakwiya, ndipo anagwira dzanja la a Sikweya pawindo nthawi yaitali kuposa mmene moni amafunira. Lole inalira n'kuyamba kuyenda. Anthu a mumsewu anatuluka m'makomo kudzatsazika, ndipo ambiri mwa iwo anali atamva kale kukuwa kuja. Anakweza manja ndi mtima wabwino wokhawokha.

"Muyende bwino, a Khotakhota!"

"Mukatikumbuke, a Khotakhota!"

Dzanja lalitali linatuluka pawindo n'kuwabayibitsa mpaka lole inakhota pakona.

A Sikweya anaima pamsewu fumbi litatha kale. Kenako anapita kushedi, anatenga sikuludiraiva ndi tepi yawo ya masiku ano, n'kubwerera kumdadada kuja. Anamasula chitseko choyamba pamahinjesi, mwini chipinda akudandaula kuti agona bwanji pabwalo. Anamuuza kuti chatsopano chifika dzuwa lisanalowe, ndipo zinazo zibwera chimodzichimodzi mpaka zonse zisanu ndi zitatu zitakwana.

Atagwada kuti ayeze felemu, anaona mapazi a akazi awo ataima pambali. Mayiwo anali asanawalankhulenso kuchokera pa mawu a mipando aja.

"Tandigwirirani kumwambaku," anatero a Sikweya motsitsa mawu. "Muwerenge ndinu."

Mayiwo sanagwire kumwamba. Anawerama mpaka pansi pamene panali kangowe ka tepi.

"Chotsani chala," anatero. "Ndione pamene yayambira."